A Chidindo ndi Madalaivala Awo Zana

Dzina loti Chidindo anawapatsa ndi madalaivala, ndipo eni ake ankalidziwa ngakhale kuti palibe ankawatchula choncho pamaso. Anali woyang'anira depoti ya kampani ina yogawa sopo, mchere, shuga, machesi ndi mafuta ophikira m'masitolo. Lole ikadzaza katundu sinkatuluka pageti popanda kapepala kodindidwa. Chidindo chake chinali chimodzi chokha, ndipo chinkakhala m'thumba la jekete la bambo ameneyu. Ufumu wawo wonse unali umenewo basi. Koma mukanawaona mmene ankayendera pabwalo lopakirira katundu, mimba patsogolo, makiyi akulira m'chiuno, mukanaganiza kuti mchere anautulukira ndi iwo.

Anayamba ntchito pamalopo ali ndi zaka makumi awiri, akusenza makatoni paphewa. Kenako anakhala kalaliki wowerenga makatoni omwewo, kenako wothandizira woyang'anira, mpaka mpando unawapeza. Tisanamizane, sanakwere chifukwa cha nzeru. Anakwera chifukwa sankajomba, sankadwala, ndipo bwana akati aseke iwo amakhala atatsegula kale kukamwa. Pa zaka zonsezo anaphunzira mozama chinthu chimodzi chokha, choti munthu amene akukudikira ndi wako. Paunyamata wawo anaimapo padzuwa kulinda siginecha ya munthu wina, koma zimenezo sizinawaphunzitse chifundo. Zinangowasonyeza kukoma kokhala mbali inayo ya zenera.

Opakira katundu ankayamba m'mamawa, moti pofika 7 koloko malole amakhala atamangidwa matenti, injini zikutenthetsedwa. A Chidindo ankafika nthawi yawo, n'kudutsa pakati pa malolewo osawayang'ana n'komwe. Ofesi yawo inali kachipinda ka magalasi pakona pa depoti, kokhala ndi kazenera kolowetsera mapepala. Mmenemo ankamwa tiyi n'kuwerenga nyuzipepala kuyambira tsamba loyamba mpaka zamasewera, madalaivala ali pamzere panja, zipewa zili m'manja. Wopereka moni wokwanira ankatuluka 9 koloko. Woyang'ana wotchi ankabwerera kumapeto kwa mzere. Zifukwa sizinkasowa: pepala lapindika, siginecha yadumpha mzere, nambala ya lole siikuwerengeka. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana chidindo chinkapita nawo kokadya, ndipo nacho chinkadya mosafulumira.

Dalaivala wakale kuposa onse anali bambo wina wamtali, waimvi, amene anzake ankamutcha Giyawani chifukwa sankathamanga pa chilichonse, kaya pamsewu kaya polankhula. Iyeyu sankakangana ndi a Chidindo. Ankapereka moni, n'kudikira, n'kulandira pepala lake, n'kumapita. A Chidindo ankamuona ngati dalaivala woleredwa bwino, ndipo ongoyamba kumene ankawauza kuti aziphunzira kwa iye.

Moyo ukanatha choncho, tiyi ndi nyuzi mpaka penshoni. Koma kunamveka kuti mkulu woyang'anira madepoti onse anayi a kampaniyo apuma pantchito pakatha zaka zitatu, ndipo wolowa m'malo mwake ayenera kukhala ndi digiri yachiwiri. Mpando umenewo unali ndi galimoto, ofesi yapamwamba yoyala kapeti, ndi mlembi wokuyankhira foni. Mtima wa a Chidindo unatera pamenepo osachokanso. Digiri yoyamba anali nayo, yomwe anaipeza mokokakoka pophunzira akaweruka. Choncho, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, analembetsa kuyunivesite ina mumzindamo kuti aphunzire kayendetsedwe ka katundu, kuchokera kwa wopanga mpaka kukafika kwa wogula.

Ankaphunzira Loweruka, m'chipinda cha pansanjika yachitatu chokhala ndi fani imene inaiwala kuzungulira kalekale. Anzawo anali anthu amimba ngati iwo omwe, ochokera m'maofesi osiyanasiyana, aliyense ndi mpando wake umene ankaulakalaka. Wobwera kudzadziwa kanthu panalibe, onse anabwera kudzatenga pepala. Ankaphunzira za sitima zikuluzikulu zam'madzi zomwe sanazionepo, ndi za mafakitale akutali kumene akuti msomali umafika mphindi yomwe ukufunika, osati dzulo lake kapena mawa lake. Anaphunziranso kuti lole yoima chabe ndi kutaya kwenikweni, ndi kuti mdani wamkulu wa katundu ndi kudikira. Pa mutu umenewo a Chidindo anakhoza mayeso kuposa onse m'kalasi. Lolemba lake anaimitsa malole asanu ndi awiri mpaka dzuwa linafika pamutu.

Chimene maphunziro anasintha ndi pakamwa pokha. Anayamba kulavula mawu achingerezi aataliatali pamaso pa opakira katundu, amene ankangogwedeza mitu n'kupitiriza kusenza. Pa magalasi a kaofesi kawo anamata mapepala a mabokosi ndi mivi yoloza uku ndi uku, mpaka madalaivala anasiya kuwaona nkhope, ankangoona dzanja. Kunyumba nako sikunapulumuke. Akazi awo anali telala, ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde, ndipo tsiku lina a Chidindo anaima pambali pa makina n'kuyamba kuwafotokozera kuti kagulidwe kawo ka ulusi ndi mabatani ndi kachikale.

"Kaya n'kachikale, abambo," mayiwo anayankha osasiya kupalasa makina. "Koma kwa ine munthu ndikamuuza Lachinayi, amatenga Lachinayi."

Chaka chomaliza chinali cha kafukufuku. Aliyense ankayenera kusankha vuto, kufunsa anthu, n'kulemba buku lonenepa. A Chidindo anasankha mutu woti "Zimene zimachedwetsa katundu kufika m'masitolo," poona kuti ofunsidwa ali kale pamzere pazenera lawo, sipafunika kudzuka pampando. Anasindikiza mapepala zana a mafunso, okhala ndi timabokosi tochongamo. Anawagawa kwa madalaivala a kampani ndi a malole ahayala omwe, mmene amagawira machenjezo.

"Aliyense abweze Lachisanu. Sindikufuna pepala lopindika."

Lachisanu anabwerako mapepala asanu ndi limodzi. Awiri anali opanda kanthu. Limodzi anali atapukutira girizi. Lina anachonga mabokosi onse, inde ndi ayi womwe. Madalaivala ena onse anati mphepo inawauluza, ena ana anang'amba, ena ankangoyang'ana kumwamba. Munthu wina akanadzifunsa kuti bwanji anthu zana akukana kundithandiza pa kanthu kochepa chonchi. A Chidindo sanadzifunse. Anangoti madalaivala ndi mbuli, sadziwa ubwino wa sukulu.

Anasindikiza mapepala ena zana, n'kugula mabolopeni amitundumitundu ndi mapensulo awiri. Lamulungu masana anakhala patebulo lodyera n'kuyamba kukhala madalaivala zana. Apa tiwayamikire, chifukwa ntchitoyi anaigwira mwaluso kuposa ntchito ina iliyonse pamoyo wawo. Ena ankachonga ndi dzanja lamanzere, ena ataimirira, ena atatsamiritsa pepala pabondo. Akamaliza ankalipinda, n'kulikhalira, n'kulidontheza tiyi kapena kulipaka kamafuta ka injini pakona. Munthu amene anabweza mapepala opindika zaka makumi awiri ankadziwa bwino mmene pepala la dalaivala limapindikira.

"Kodi sukulu yake ndi imeneyi?" akazi awo anafunsa atawapeza akununkhiza pepala.

"Inu sokani, mayi. Za kafukufuku zisiyireni eni ake."

Madalaivala zana a patebulowo anagwirizana bwinobwino. Katundu amachedwa chifukwa cha maenje a mumsewu, mvula, matayala akutha ndi apolisi oimitsaimitsa. A Chidindo anajambula zithunzi za mizere ndi zozungulira zamitundu, n'kupita nazo kwa mphunzitsi wowayang'anira. Tsoka silinunkha. Mphunzitsiyo anali mayi wamng'ono thupi, dokotala wa maphunziro, amene asanayambe kuphunzitsa anagwirapo ntchito zaka khumi pa depoti ya mankhwala. Anatembenuza masamba mwakachetechete, kenako anavula magalasi.

"Bambo, madalaivala anuwa ndi angelo?"

"Bwanji, adokotala?"

"Anthu zana, palibe ndi mmodzi yemwe wodandaula za depoti. Ine pa depoti ndakhalapo. Dalaivala amatukwana wopakira, amatukwana mlonda, amatukwana woyang'anira, asanaone n'komwe dzenje loyamba. Kapena munawaimirira pamutu poyankha?"

A Chidindo anakana kwamtuwagalu.

"Ndiye bwererani. Muwonjezere funso limodzi lopanda mabokosi, aliyense alembe m'mawu akeake, osalemba dzina. Zoti misewu ili ndi maenje ngakhale mwana wa sitandade wani akuzidziwa, digiri sitiperekera zimenezo. Muli ndi masabata atatu. Mukaphonya mudikira chaka chamawa."

Chaka chamawa mpando ukanakhala utapita ndi wina. A Chidindo anatsika masitepe a yunivesite thukuta lili kamukamu. Kubwerera kwa madalaivala enieni sakanatha, amenewo anali atawayankha kale ndi girizi. Lamulungu lotsatira anakhalanso patebulo ndi mapepala zana atsopano, funso lowonjezera lili m'munsi ndi mizere isanu yopanda kanthu. Anakhala ola lathunthu akutafuna bolopeni. Kuchonga m'bokosi n'kosavuta, koma kupeka mawu a munthu kumafuna mutu, ndipo mutu umenewo unali usanapekepo kanthu chibadwire.

Akazi awo analowa kudzatenga lumo n'kuwapeza atagwira njakata.

"Chavuta n'chiyani tsopano?"

"Akufuna madandaulo a pa depoti. Ndiwatenga kuti?"

"Ingolembani zimene amanena mukatembenuka."

"Amanena chiyani?"

"Inu simudziwa, abambo?"

Mayiwo anatenga lumo lawo n'kutuluka. A Chidindo anayang'ana pepala, ndipo anapeza kuti akudziwa. Magalasi a kaofesi kaja sanali okhuthala ayi. Zaka zonsezo, mutu uli m'nyuzi, makutu ankagwira ntchito, ndipo zonse zinali zosungika bwinobwino m'mutu, chilichonse pamalo pake ngati makatoni. Analemba loyamba ndi dzanja lamanzere: "Timafika m'mamawa, timatuluka dzuwa litatentha, chifukwa bwana akumwa tiyi." Lachiwiri ndi pensulo: "Ukangoyang'ana wotchi walakwa." Lachitatu: "Pepala langa analibweza katatu ati lapindika, chonsecho analipinda ndi iwo omwe." Apa anaseka okha, chifukwa tsiku limenelo ankalikumbukira.

Kuyambira pamenepo bolopeni sinaimenso. Manyazi sanawamve ngakhale pang'ono. Chimene anamva ndi kukoma. Pepala lililonse linkawakumbutsa munthu wamkulu, wandevu zake, amene anaima panja pa zenera akutafuna mkwiyo osaulavula, ndipo kuona ulemerero wawo wonse utaunjikana patebulo kunawatukumula. Ankasintha mawu malinga ndi munthu: waukali ankamulembera mwaukali, wamantha mozungulira, wopemphera ankamuwonjezera kuti Mulungu akuona. Dzina la kampani sanalitchule, ankangoti "kampani ina," ndipo iwo eni anali "woyang'anira depoti." Anaona kuti abisala mokwanira.

Pepala la nambala 63 analilemba m'malo mwa Giyawani. Zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo, Giyawani anali ndi ulendo wautali, woti ukanyamuka 8 koloko umabwerako tsiku lomwelo, koma ukachedwa umagona konko, chifukwa kampani sinkalola malole kuyenda kukada. Tsiku lopuma anali atamukaniza kale, madalaivala anali ochepa sabata imeneyo. M'mawa umenewo anachita chinthu chimene sankachita. Anadumpha mzere, n'kuwerama pakazenera asanaitanidwe, n'kunena kuti, "Bwana, mayi akunyumba ali m'chipatala, mawa m'mawa awachita opaleshoni. Ndithandizeni ndinyamuke msanga, ndibwere lero lomwe." A Chidindo sanadzutse mutu. Munthu wolankhula asanaitanidwe ankayenera kuphunzitsidwa mwambo, kaya ndi wamkulu bwanji. Anamudindira 2 koloko masana. Giyawani anagona konko, ndipo pobwera mawa lake anapeza mkazi wake atamwalira.

Zonsezi a Chidindo anazilemba, mawu a pazenera aja osasiyapo ndi limodzi lomwe, mpaka mizere isanu inatha n'kupitirira kuseri kwa pepala. Anawerenga kawiri n'kudzigwedezera mutu.

"Ili lokha adokotala agwa nalo," anatero, n'kupatsa akazi awo kuti aone luso.

Mayiwo anawerenga ataimirira, tepi yoyezera ili m'khosi. Atamaliza anatembenukira kwa amuna awo.

"Zimenezi mwachita kupeka?"

"Kafukufuku sapeka, mayi," a Chidindo anayankha akuseka.

Mayiwo anaika pepalalo patebulo n'kubwerera kukhonde. Makina sanamveke mpaka madzulo.

Adokotala anagwa nalodi. Anati tsopano kafukufuku wapuma mpweya, ndipo nkhani ya nambala 63 iikidwe yonse m'buku, isadulidwe. Atawerengetsa anapeza kuti madalaivala 81 mwa zana akuloza chala woyang'anira depoti. Anawauza a Chidindo malangizo oti alembe kumapeto, ndipo loyamba linali loti mphamvu yotulutsa malole isakhale m'manja mwa munthu mmodzi. A Chidindo analemba zimenezo m'Chingerezi chosalala, mtima uli zii. Kwa iwo buku linali buku, depoti inali depoti, ziwirizi sizinkakumana paliponse. Pa tsiku loteteza kafukufuku, aphunzitsi atatu anawayamikira chifukwa cha kulimba mtima kofukula zoona. Iwo anawerama modzichepetsa n'kunena kuti sizinali zophweka kuti madalaivala amasuke.

Anavala mkanjo ndi chipewa cha ngodya zinayi, anajambulitsa, chithunzi anakachipachika pabalaza pamwamba pa wailesi yakanema. Buku analimangitsa ndi chikuto chakuda cha zilembo zagolide, makope atatu. Limodzi linapita kulaibulale ya yunivesite, lina pashelefu kunyumba. Anzawo a m'kalasi anali atawatsimikizira kuti mabuku otere sawerengedwa ndi munthu, amangodikira mphemvu, ndipo kunena zoona nthawi zambiri zimakhaladi choncho. N'chifukwa chake lachitatu analinyamula okha, pamodzi ndi kalata yofunsira mpando uja, n'kukalisiya kwa mlembi wa bwana wamkulu wa kampani yonse. Ankafuna kuti bwanayo alinyamule, amve kulemera kwake, aone golide, n'kuliika pashelefu. Palibe anawatuma.

Zinangochitika kuti sabata imeneyo patebulo pa bwana wamkulu panali kalata yochokera kwa mwini masitolo ambiri, kasitomala wamkulu wa kampaniyo, yonena kuti watopa kulandira sopo madzulo masitolo akutsekedwa. Bwanayo anaona mutu wa buku uli pomwepo, wagolide, ukumulonjeza yankho. Analitenga kupita nalo kunyumba Lachisanu.

Lachiwiri a Chidindo anaitanidwa kuofesi yapamwamba. Anavala suti imene anavala tsiku lolandira digiri, ndipo pokwera masitepe ankaganiza za mtundu wa galimoto. Atalowa anapeza Giyawani atakhala pampando wa pambali, ali mu ovolosi yake. Buku linali patebulo, timapepala tachikasu titatuluka m'masamba ambirimbiri.

"Khalani," anatero bwana wamkulu. "Ntchito mwagwira, ndawerenga lonse. Iyi mukuti kampani ina, ndi ife?"

"Ndi ife, bwana."

"Ndiye woyang'anira depoti amene wadzaza masamba makumi atatu awa ndi inuyo."



"Pali chimene chikundivuta," bwanayo anapitiriza. "Dzulo ndafunsa madalaivala awiri, akuti funso lolemba m'mawu awo sakulikumbukira. Ngati anthuwa sanayankhe, ndiye kuti mwandibweretsera bodza lomata golide, ndipo ndiyenera kulembera a yunivesite. Ngati anayankha, ndiye kuti vuto limene ndakhala ndikulisaka m'matayala zaka zonsezi lili m'thumba la jekete lanu. Chilipo ndi chiti?"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. A Chidindo anaona njira ziwiri, zonse zotsetsereka. Akati ndinapeka, digiri ipita, ntchito ipita, chithunzi chitsika pakhoma. Akati ndi zoona, ndiye kuti adzipachika ndi chingwe chimene anapota okha Lamulungu awiri. Mantha anawagwira, mantha enieni, oyamba chikhalireni pampando.

"Chabwino, musavutike," anatero bwana wamkulu. "Nkhani ya nambala 63 ndikuidziwa mbali ina, kampani inatumiza galimoto kumaliro. N'chifukwa chake ndaitana mwini wake."

Anatsegula pa kapepala kachikasu n'kuwerenga mokweza, kuyambira pa ulendo wautali, mawu a pazenera, mpaka 2 koloko. Giyawani anamvetsera atayang'ana pansi. Bwanayo atamaliza, Giyawani anapempha bukulo. Analiika pamiyendo n'kuwerenganso yekha, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse, pang'onopang'ono monga mwa dzina lake. Pa mawu a pazenera chala chinaima nthawi yaitali. A Chidindo ankadziwa kuti munthuyu pepala limenelo sanalionepo, ndipo kungotero kokha kukanawamaliza.

"Zili apazi ndi zoona, bwana," Giyawani anatero. "Palibe chowonjezera."

"Nanga za enawa?"

"Nazonso ndi zoona."

Bwana wamkulu anatseka buku. Anati digiri ndi yawo, aisunge, koma mpando wa madepoti anayi auiwale. Kuyambira Lolemba malangizo a m'bukumo atsatiridwa mmene analembedwera: makalaliki atatu azisinthana kutulutsa malole pageti, ndipo lole yodzaza isaime kupitirira theka la ola. A Chidindo apita kushedi yakuseri, kokalandira katundu wobwezedwa, makatoni onyowa ndi mabotolo osweka. Anawathokozanso chifukwa cha kafukufuku wothandiza, ndipo sizinadziwike ngati ankanyoza kapena ayi.

Anatuluka onse awiri. Giyawani anali patsogolo, akutsika sitepe imodziimodzi atagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe. A Chidindo anali atataya mpando, koma mtima wa munthu wotere suchedwa kuwerenga zotsala, ndipo pofika pakati pa masitepe anali atayamba kale kuona kuti zikanaipa kuposa apa. Anamugwira mkono.

"Achimwene, mwandipulumutsa. Ndinkadziwa kuti inu ndinu munthu."

Giyawani anaima, n'kuyang'ana dzanja limene linamugwira mpaka linachoka lokha.

"Sindinakupulumutseni. Andifunsa ngati zili zoona, ndayankha. Tsiku lija injini zinkasokosera, inu mutu uli m'nyuzi. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti simunamve. N'chifukwa chake ndinkatha kukupatsani moni."

Giyawani anatsiriza masitepe otsalawo n'kupita kulole yake. Anagwirabe ntchito pakampanipo zaka zina zinayi, ndipo nthawi zambiri ankabweretsa makatoni onyowa kushedi yakuseri, koma a Chidindo moni sanawapatsenso.